Tsiku limene tidayendera Nkhotakota

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, makamaka inu amene mumakhala m'mphepete mwa nyanja kuyambira ku Makanjira, Mangochi, Salima mpaka ku Nkhotakota. Ine amene ndikulemba nkhaniyi ndine munthu wa kumtunda. Kwathu ndi ku Milonde m'boma la Mulanje, kumene tikadzuka m'mawa maso athu amayamba kugunda phiri, ndipo madzi amene timawadziwa ndi a m'mitsinje yozizira yotsika m'phirimo. Nsomba imatipeza itauma kale, itayenda pa lole ndi pa njinga, ndipo ana athu ambiri amakula mpaka kulowa m'banja osaionapo nyanja. Tsono mukamawerenga muzikumbukira kuti amene akukusimbirani za kwanu ndi mlendo. Komabe akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, choncho mwina pa zimene ndidaona pali china chimene inu eni ake mumachidutsa tsiku ndi tsiku popita kumsika osachiyang'ana.

Chimene chidatinyamula ulendo wautali wotere ndi funso la mwana. Mwana wanga wachisamba ndi mtsikana, ndipo nthawi imeneyo adali mu Fomu 2. Tsiku lina ataphunzira m'kalasi za malonda a akapolo, mnzake wina adamuloza chala namuuza kuti, "Ndi inu Asilamu amene munkagulitsa anthu." Mwanayo sadayankhe kanthu. Adabwera nazo kunyumba, nadikira mpaka titamaliza swala ya Isha, ndipo pamene ndinkapinda mkeka adandifunsa motsitsa mawu kuti, "Ababa, kodi ndi zoona kuti anthu amene adabweretsa Chisilamu m'dziko muno ndi omwewo amene ankagulitsa anthu?" Ndidamuyankha kuti funso lake ndi lalikulu, losayenera kuliyankha ndi mawu awiri anthu akuwodzera, ndipo kuti yankho lake tikalimvera pamalo pomwe zinthuzo zidachitikira. Mwamwayi mayi ake kwawo ndi ku Nkhotakota, ndipo atsibweni awo, nkhalamba ya zaka zopitirira 70, adali atadandaula kangapo kuti adzukulu awo akukula osadziwa kumene kudachokera mayi wawo. Tidasunga pang'onopang'ono ndalama za nanazi ndi nthochi kudikira tchuthi cha mwezi wa Ogasiti.

Tidanyamuka Lachinayi kusanache, anthu anayi: ine, mayi a kunyumba, mtsikanayo ndi mlongo wake wa zaka 9. Tidadutsa pa boma la Mulanje ndi m'minda ya tiyi mpaka ku Limbe, kumene tidakwera basi yaikulu. Tidawoloka Shire pa Zalewa, tidapatuka kulowa msewu wa kunyanja wodzera ku Golomoti ndi ku Mua, ndipo mdima udatigwera tisanatuluke m'boma la Salima. Titadutsa mlatho wa pa Chia, mnyamata uja adasuzumira pa zenera naona nyali zambirimbiri zitandanda patali kudzanja lamanja. Adafunsa kuti, "Amayi, tauni imene ija ndi iti?" Anthu m'basimo adaseka, ndipo mayi wina adamufotokozera kuti kumeneko kulibe nyumba ndi imodzi yomwe, ndi asodzi amene akukopa usipa ndi kuwala kwa nyali pakati pa madzi.

M'mawa mwake, Lachisanu, azana ya Subuhi idatidzutsa kuchokera m'mizikiti ingapo nthawi imodzi, chinthu chimene kwathu sitidachizolowere popeza kumudzi kwathu Asilamu tilipo ochepa. Titaswali, agogo a anawo adatenga ndodo yawo natitsogolera kunyanja. Mwera unkawomba ndipo kunkazizira, koma pamchenga padali patadzaza kale anthu. Mabwato ankabwerera, amayi adali ataima ndi mabeseni m'chiuno akunenerera mitengo, ena akuyanika usipa pa matandala. Dzuwa lidatuluka m'madzi lili psuu. Ana anga adangoti kakasi. Pamapeto pake mnyamata adafunsa kuti tsidya la mtsinje umenewu lili kuti. Agogo ake adamuloza mapiri amene ankaoneka mwa chizimezime kum'mawa namuuza kuti uko ndi ku Mozambique. Mwanayo sadakhulupirire msanga, chifukwa kwathu Mozambique ndi pakhomo, anthu amapitako pa njinga kukagula chimanga nabwerako tsiku lomwelo. "Liyang'anitsitse tsidya limenelo," adatero agogowo. "Madzulo tidzabweranso pano, ndipo ndidzakuuzani za anthu amene adawolokera kumeneko."

Titamwa tiyi ndi zitumbuwa tidayamba kuyenda m'mudzi wakale umene eni ake amautcha Linga. Dzinali likuchokera ku mpanda wa nkhondo umene udazinga mudziwo kalelo. Tinkayenda pansi pa mitengo ikuluikulu ya mango, apo ndi apo mitengo ya kokonati, ndipo nkhalambayo inkalankhula ikuyenda, kuima pokhapokha pamene wina waipatsa salamu. Idatiuza kuti m'zaka za m'ma 1840 kudafika kuno munthu wamalonda wa Chiswahili wochokera kugombe la nyanja ya mchere, dzina lake Salim bin Abdallah, napeza malo pakati pa Achewa a dera lino la mfumu Malengachanzi. Iyeyu ndiye adakhala Jumbe woyamba. Jumbe si dzina la munthu, ndi udindo, mawu a Chiswahili otanthauza mfumu, ndipo amene adakhala pa udindowu kuno adalipo anayi motsatizana. Adasankha malo ano chifukwa cha mchenga wautali umene umalowa m'nyanja ngati mkono nutchinjiriza doko ku mafunde, kotero kuti zombo zamatanga zinkatha kuima bwino podikira mphepo yowolokera. Nthawi imeneyo Angoni ankathira nkhondo midzi ya Achewa, ndipo popeza Jumbe adali ndi mfuti ndi wonga, anthu ambiri adathawira m'linga mwake. Umo ndi momwe Kota Kota, monga momwe Azungu ankalembera dzinali, adakulira kukhala umodzi mwa midzi ikuluikulu ya m'mbali mwa nyanja yonseyi.

Agogowo sadafulumire kulowa m'nkhani yowawa. Adayamba kutionetsa zimene alendo aja adasiya zomwe anthu akudyerera mpaka lero. Adatiloza madambo a mpunga natiuza kuti a Jumbe ndiwo adalimbikitsa ulimi umenewu kuno, pofuna chakudya cha anthu awo ndi kamba wa pa ulendo. Adatiloza mitengo ya kokonati ija, adatchulanso luso lokhoma zombo za matabwa, mkanjo ndi mzuli zimene iwo eni adavala, ndi malemba a Chiarabu amene ana a kuno adayamba kuphunzira pa mabolodi a mtengo sukulu za Azungu zisanafike. Kenaka tidafika pa mzikiti wakale umene anthu amautcha wa Jumbe. Si nyumba yodabwitsa maso monga mizikiti yatsopano ya m'matauni, koma munthu ukaima pamenepo ndi kukumbukira kuti dera lino ndi limodzi mwa malo oyambirira kumvekera azana m'dziko lathu, tsitsi limakunyerenyetsa.

Kufupi ndi pamenepo kuli manda a ma Jumbe atatu oyamba. Wachinayi sadagone kuno, chifukwa boma la Atsamunda lidamuchotsa pa udindo pakati pa zaka za m'ma 1890 ndi kumutumiza ku Zanzibar. Tidapereka salamu kwa eni manda monga mwa chiphunzitso chathu, ndipo agogo adakweza manja kuchita dua. Ine ndi mayi a kunyumba tidakweza athu, mnyamatanso adatsanzira. Mtsikana uja adaima potero, manja ali kumbuyo, akuyang'ana pansi. Mayi ake adafuna kumukodola koma nkhalambayo idawaletsa ndi diso. Tidachoka pamandapo popanda wolankhula.

Kuchokera pamenepo tidakwera kumtunda pang'ono, ku mishoni ya mpingo wa Anglican, kumene kuli chipatala cha St Anne's ndi tchalitchi cha All Saints. Kumeneko adationetsa mkuyu waukulu umene anthu amautcha mtengo wa Livingstone. David Livingstone adafika ku Nkhotakota mu Sepitembala 1863, napumula pansi pa mkuyu, ndipo adakumana ndi mkulu wa amalonda a Chiswahili amene nthawi imeneyo ankakhometsa chombo chatsopano chowolotsera anthu ndi katundu. Anthu amasimba kuti adamupempha kuti asiye kugulitsa anthu. Ngati adapemphadi, pempholo silidamveke, pakuti malondawo adapitirira zaka zinanso pafupifupi 30. Mu 1889 Harry Johnston adachita pangano ndi Jumbe wa nthawi imeneyo, mu 1891 dziko lino lidalowa m'manja mwa Angerezi, ndipo m'zaka zotsatira ndi pamene zombo za akapolo zidaleka kuwoloka. Amishoni adakhazikika kuno mu 1894. Chaka chotsatira, mu Sepitembala 1895, bishopu wawo Chauncy Maples adamira m'nyanja bwato lake litagubuduzika ndi namondwe, ndipo thupi lake lidaikidwa m'tchalitchi chomwechi.

Bambo wina amene ankasesa pabwalo adatilandira bwino, natilola kusuzumira m'katimo ngakhale adaona mizuli ndi mipango yathu. Iye ndi agogo a ana anga adapatsana moni wa anthu odziwana kalekale, kufunsana za odwala ndi za maliro a sabata yatha. Titatuluka nkhalambayo idatiuza kuti kuno mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziwiri, wina kumzikiti wina kutchalitchi, ndipo pa maliro ndi pa ukwati amathandizana. Ndidaona mwana wanga akumvetsera mawu amenewa mwachidwi, popeza mnzake amene adamuloza chala uja ndi wa mpingo wina, ndipo chiyambire tsiku lija sankayenderana.

Pobwerera kumsika adatikumbutsanso kuti mbiri ya Nkhotakota sidathere pa a Jumbe ndi amishoni. Mu 1960 chipani cha Malawi Congress chidachitira kuno msonkhano wake waukulu, pamene Dr Kamuzu Banda adaonetsa kwa anthu atsogoleri amene adali atangotulutsidwa kumene m'ndende ya Atsamunda, monga Masauko Chipembere ndi Dunduzu Chisiza, ndipo pa msonkhano womwewo adasankhidwa kukhala mtsogoleri wamuyaya wa chipanicho. Agogowo adati iwo adali kamwana nthawi imeneyo, ndipo chimene amakumbukira ndi fumbi la malole ndi mpunga umene amayi awo adaphikira alendo usiku wonse.

Nthawi ya Juma itakwana tidachita udhu ndi kulowa mumzikiti, ife amuna kutsogolo, mayi ndi mwana wawo ku mbali ya amayi. Mzikiti udadzaza mpaka ena adayala mikeka panja. Mnyamata wanga, amene adazolowera mizere iwiri kapena itatu, adandinong'oneza potuluka kuti sankadziwa kuti Asilamu alipo ambiri chotere m'Malawi. Kunyumba tidapeza mpunga wonunkhira ndi kampango wamsuzi, ndipo pambali padali kondowole amene ana anga adalimbana naye mpaka onse a m'nyumbamo adagwa nalo phwete. Pa chakudya pomwepo akazi awo a agogowo adatenga mpata kuuza mdzukulu wawo za mayi wina wa kuno, Mtumwa binti Ali, amene adakhalitsa ku Zanzibar nabwerera ku Nkhotakota ndi maphunziro a dini cha m'ma 1929, naphunzitsa amayi ndi abambo omwe mpaka pamene adamwalira mu 1958. "Ukamamva mbiri ya mudzi uno usamangomva maina a amuna amfuti," adatero. "Kudalinso amayi a mabuku."

Titaswali Asiri tidabwerera kunyanja monga adalonjezera. Mphepo idali itachepa. Tidakhala pa bwato lakale logadabuzidwa, ndipo nkhalambayo idaitana mtsikanayo kuti akhale pafupi nayo.

"Mdzukulu wanga," idayamba motero, "mayi ako andiuza funso lako, ndipo ndaona manja ako kumanda kuja. Sindikukudzudzula. Yankho la funso lako ndi lakuti inde. Anthu amene adamanga mzikiti uja ndi omwewo amene ankawolotsa anthu pa doko lino. Ankatumiza anyamata awo ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga kumadzulo, ku Kasungu mpaka kuchigwa cha Luangwa ndi kupitirira, ndipo ankabwerako ndi minyanga ya njovu ndi anthu omangidwa m'magoli. Anthuwo ankasungidwa kuno mpaka atakwana odzaza chombo. Akawoloka tsidya lija ndidakulozani m'mawa, ankayenda pansi miyezi, atasenza minyanga, mpaka ku Kilwa kugombe la nyanja ya mchere. Ofooka ankatsala m'njira. Amene afika ankagulitsidwa, ambiri kupita ku Zanzibar kukalima m'minda. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar udatsekedwa mu 1873, koma kuno malondawo sadaime. Adapita anthu zikwizikwi, ndipo maina awo palibe amene adawasunga."

Mwanayo adafunsa kuti, "Nanga agogo, ndikamuyankhe chiyani mnzanga uja?"

"Usakamuuze kuti ndi bodza la Azungu, chifukwa si bodza. Usakathamangirenso kunena kuti enanso ankachita. Ndi zoona kuti mafumu a mitundu yosiyanasiyana ankagwira anthu ndi kuwagulitsa, ndi zoonanso kuti Apwitikizi ankatumiza akapolo kudzera ku Quelimane, koma kuba kwa mnzako sikuyeretsa dzanja lako. Ukamuuze kuti inde zidachitika ndipo zidali zoipa. Ukatero ukamuuzenso theka limene iye sakulidziwa. Amene ankamangidwa m'magoli aja adalinso makolo athu. Si onse amene adawoloka. Ena adatsala kuno, adakwatiwa, adabereka, ana awo adalowa Chisilamu. Ena ndi Achewa aja adathawira m'linga. Asilamu a ku Nkhotakota lero ndi adzukulu a ogulitsa, a ogulitsidwa ndi a othawa nkhondo, magazi adasakanikirana kale. Iwe amene, sungathe kudziwa kuti m'mitsempha mwakomo ochuluka ndi ati."

Idapumira pang'ono kenaka idapitiriza. "Za dini yako usachite nazo manyazi. Kugwira mfulu ndi kuigulitsa ndi tchimo lalikulu m'Chisilamu, ndipo amene ankachita zimenezi ankadziwa. Kumasula kapolo ndi imodzi mwa ntchito zabwino zimene dini imalimbikitsa, ndi dipo la machimo ena, ndiponso gawo la Zakaat lidaikidwa kuti lizigwira ntchito imeneyo. Muazini woyamba, Bilal, adali kapolo wozunzidwa amene Abu Bakr adamuwombola ndi chuma chake. A Jumbe adatibweretsera Kalima, koma pa nkhani iyi adatsata dyera la chuma, osati Kalimayo. Mbewu ya mpunga idabwera m'chombo chomwecho chimene chinkanyamula magoli. Mpungawo wadya masana ano, ndipo magoliwo sitidzawafunanso. Kumanda kuja ndimawapempherera osati chifukwa adali oyera, koma chifukwa ali ndi mlandu waukulu pamaso pa Allah, ndipo woweruza ndi Iye, osati ine."

Itatero idakweza manja kuyang'ana kumadzi, nipempha Allah kuti awachitire chilungamo onse amene adalira pa doko limenelo, amene alibe manda oti munthu angaimepo, ndi kuti atiteteze ife ndi ana athu kuti tisadzadye thukuta kapena misozi ya munthu mnzathu. Apa mwana wanga adakweza manja ake. Ameen wake ndidamumva bwino lomwe.

Kusanade anyamata a pakhomopo adatiperekeza ku akasupe a madzi otentha amene ali kunja pang'ono kwa tauni. Madziwo amatuluka pansi akufuka nthunzi popanda wosonkhezera moto, ndipo tidapeza amayi akuchapa chakumunsi kwake. Mnyamata wanga adaviika chala nachichotsa msanga akukuwa, ndipo mlongo wake adaseka koyamba tsiku limenelo. Magharibi idatipeza tikulowa m'mudzi, fungo la nsomba zootcha lili ponseponse, nyali za asodzi zikuyambanso kuyaka pa nyanja.

Usiku umenewo ndidagona ndikuganiza za kwathu. Nafenso a ku Mulanje tili ndi doko lathu ngakhale tilibe nyanja. Pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi pali mpata umene magulu a akapolo ankadutsira popita ku Quelimane, ndipo mu 1893 Atsamunda adamangapo linga lotchedwa Fort Lister kuti atseke njirayo. Zipupa zake zogumuka zikadalipo cha ku Phalombe, koma mwa anthu a m'mudzi mwathu amene adakafikako ndi owerengeka. Timadziwa mtengo wa feteleza ndi tsiku la msika, koma njira imene makolo athu adayendamo atamangidwa sitiidziwa. Choncho zimene ndikunena kwa inu a kunyanja zikutikhudzanso ife a kuphiri.

Anzathu a maiko ena nkhani yoyendera malo akale amaitenga ngati sukulu. Ku China kuli mzinda wakale wotchedwa Hangzhou umene uli m'mbali mwa nyanja yaing'ono yotchedwa West Lake. Nyanja imeneyo poyerekeza ndi yathuyi ndi thamanda chabe, koma anthu miyandamiyanda amapitako chaka chilichonse kukaona milatho, minda ya maluwa ndi nyumba zakale, ndipo mu 2011 bungwe la UNESCO lidaika malowo m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Mumzinda womwewo muli mzikiti wotchedwa Phoenix, umodzi mwa mizikiti yakale kwambiri ya ku China, umene udayamba ndi amalonda a Chisilamu ochokera kutali monganso wa ku Linga. Mlendo wotchuka wa ku Morocco, Ibn Battuta, adasimba za mzinda umenewu ndi Asilamu ake m'nkhani za maulendo ake, ndipo ndi yemweyo amene mu 1331 adafika ku Kilwa wakale wa pachilumba, kugombe lomwelo kumene patapita zaka 500 kunkathera njira yochokera ku Nkhotakota. Kuno kwathu UNESCO idazindikira kale paki ya ku Cape Maclear mu 1984, zojambula za m'mapanga a ku Chongoni mu 2006, ndi phiri lathu la Mulanje mu 2025. Njira za akapolo, kuphatikizapo Nkhotakota ndi Fort Lister, boma lidazipereka pa mndandanda woyembekezera mu 2011. Koma kaundula wa kunja sangatiphunzitsire ana athu. Alendo ochokera ku Ulaya amalipira ndalama zambiri kudzaima pansi pa mkuyu uja, pamene mwana wobadwira mtunda wosakwana ola limodzi kuchokera pamenepo amangoudziwa ngati mthunzi wodikirira odwala.

Pali chifukwa chinanso chimene nkhani imeneyi siyenera kugona. Kugulitsa anthu kudangosintha malaya. Mu 2015 dziko lathu lidakhazikitsa lamulo loletsa kuzembetsa anthu, ndipo lamulo silikhazikitsidwa pa chinthu chimene kulibe. Mu 2024 tonse tidamva za amayi a ku Malawi amene adalonjezedwa ntchito zabwino ku Oman koma adakapezeka akuzunzika m'nyumba za anthu, atalandidwa ziphaso zawo, osatha kubwerera. Amene amabwera kudzakopa ana athu masiku ano sanyamula goli, amanyamula foni ndi lonjezo la malipiro, ndipo nthawi zina amayamba ndi salamu yomveka bwino. Mwana amene adaimapo pa doko la Nkhotakota namva momwe anthu ankasinthanitsidwira ndi nsalu amakhala ndi khutu lina akamva malonjezo otere. Kholonso limene likudziwa mbiri imeneyi silifulumira kupereka mwana wake wamng'ono kwa munthu wosamudziwa kuti akagwire ntchito kutali.

Tsono pempho langa kwa inu makolo anzanga a kunyanja ndi ili. Sankhani tsiku limodzi pa tchuthi chikubwerachi, musiye ukonde ndi khasu, mutenge ana anu mukayende nawo m'mudzi mwanu momwemo ngati alendo. Inu a ku Nkhotakota simusowa ndalama ya basi. Inu a ku Mangochi muli ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale za panyanja pafupi ndi mlatho wa Shire, muli ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria, mulinso ndi mabwinja a linga la Fort Mangochi kumapiri a ku Namwera. Musapite nokha. Tengani nkhalamba ya m'banja mwanu ikadali ndi mphamvu zoyenda, chifukwa zimene ikudziwa sizidalembedwe pa chikwangwani chilichonse, ndipo safunsa adadya phula. Aphunzitsi a madrasa nawonso angathe kupatula tsiku limodzi pa chaka kuti atuluke ndi ophunzira awo. Mukafika pa malo owawa musawalambalale. Mwana amve kuchokera pakamwa panu zabwino zimene makolo adatisiyira ndi zoipa zimene adachita, zonse pamodzi, pakuti mukabisa theka adzalimva kwa wina amene sadzamuuza mwachikondi, ndipo tsiku limenelo adzayamba kukayikira ndi zoona zomwe zimene mudamuphunzitsa.

Ife tagwirizana kale ndi mabanja ena atatu a pa mzikiti wathu kuti mvula ikatha, Insha Allah, tidzabwereka galimoto kupita ndi ana ku Fort Lister. Amene mwa inu adzafune kudzaona phiri, khomo ndi lotsegula. Chinangwa ndi nanazi zilipo, koma mudzatitengereko usipa. Allah atipatse mitima yokonda choonadi, awakhululukire makolo athu, ndipo awasunge ana athu pa njira yowongoka.